Musatseke laputopu ili pathebulo

Aniruddha,

Pepani, ndathamangira ku ofesi, chapati zanu zili m'mbale yovundikira. Phukusi la pulogalamu ya seva, kompyuta yosunga mafayilo, lomwe ndinatulutsa dzulo lija lavuta. Ndinaliyesa pa makompyuta atsopano okhaokha, osaganizira anthu amene ali ndi lakale ndipo akungosinthira ku latsopanoli. Kwa iwowo, malangizo amene ndinalemba m'phukusimo akuzimitsa seva koma osaiyatsanso. Mayi wina wa pa kachipatala ka mumzinda wa Nashik wandilembera kuti odwala ali pamzere ndipo mafayilo awo sakutseguka. Sanakalipe n'komwe, wangofunsa kuti, "Achemwali, talakwitsa pati?" Funso limeneli ndi lomwe likundiwawa.

Laputopu ili pathebuloyo ikumanga phukusi lokonzedwa. Musaitseke, musaizule ku magetsi, ndipo amayi asaifunditsenso kansalu kawo koteteza ku fumbi kaja, imatentha. Ikalemba zobiriwira, ndiye kuti zatheka, mundiimbire. Ikalemba zofiira mundiimbirebe, koma muyambe ndi moni.

Paja mumandiseka kuti zaka zisanu ndi ziwiri pa ntchitoyi palibe amene amandidziwa. Ntchito yathu ikamayenda bwino zimakhala choncho. Lero dzina langa lafika mpaka ku Nashik.

Mrunal