Dzina Langa Palibe pa Pepala la Dokotala

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino, ndipo bondo lija lasiya kukuvutani. Kuno tonse awiri tili moyo.

Kalata yanu inafika. Mwafunsa za mng'ono wanga, Dokotala wanuyo, kanayi konse. Ine mwanditchula kamodzi, pofunsa ngati ndikumukumbutsa kudya. Nsanje yandigwira, Amayi, sindibisa.

Mwina simudziwa chimene ndimachita mu labotale yathuyi. Ndimaziziritsa mpweya m'kabotolo mpaka uume n'kukhala kamwala koyera ngati mchere. Madzi oundana a m'firiji ndi ofunda poyerekeza ndi kuzizira kwake. Kenako Dokotala amatenthetsa mbali imodzi pang'ono, n'kuyeza mmene kutenthako kukudutsira kufika mbali inayo. Chodabwitsa n'chakuti kamwalako kakamazizira, kutentha kumadutsa mosavuta, mpaka pena pake pamene kumayambanso kuvutika. Pamenepo ndi pamene iye watchukira.

Koma kamwalako n'kosakhalira kusweka. Ukakafulumizitsa kamachita mng'alu wosaoneka ndi maso, ndipo kutentha kumakakamira pamng'alupo, zoyeza zonse n'kukhala zabodza. Kamene kamupatsa mbiri ndinakalera masiku khumi ndi limodzi, ndikutsitsa kuzizira pang'onopang'ono, zala zitachita dzanzi. Timiyala tisanu ndi kamodzi tinasweka kasanatheke kameneka. Iye anabwera zonse zitapsa, atanyamula kapu ya khofi.

Tsopano alemba pepala lofalitsa zotsatirazo. Pali mayina anayi, langa palibe. Dokotala anandiuza kuti amene amasankha mayina ndi abwana athu. Nditawafunsa, abwanawo anadabwa, nati mndandanda analemba ndi mbale wanga yemweyo. Ndinangoseka ngati chitsiru n'kubwerera kumakina. Chonsecho ntchito yanga ikutha chaka chino, ndipo amawonjezera nthawi kwa okhawo amene mayina awo amaoneka pamapepala.

Pempho langa ndi limodzi. Pepalalo likutumizidwa Lachisanu la sabata yamawa. Muimbireni foni lisanapite, mumufunse chifukwa chake. Ine ndikayamba nkhaniyi amayang'ana pakompyuta, koma inu amakumverani. Mumukumbutse kuti mutu umodzi susenza denga.

Mundiperekere moni kwa amalume, kwa azakhali ndi kwa mlongo wanga ndi ana ake.

Akakana musamukalipire, ntchito ina ndidzaifuna. Chimene ndikufuna kumva m'kalata yotsatira n'chakuti munamufunsa.

Ndine mwana wanu woyamba.