Tsiku Limene Nyenyezi Inaphwisa ku Chirimba

Lachinayi, 12 Okutobala 1995. Dzuwa linalusa lero, koma ine ndinaliposa.

Ndamugulula mano awiri Fulaye, amene ndimawotcherera naye zitsulo pa shopu ya alamu anga ku Chirimba.

Masana wogulitsa anatikulungira tchipisi m'pepala la magazini yakunja. Pansi pa mafutawo panali chithunzi cha zimene ndinazisiya ku yunivesite: nyenyezi yakhanda, yaikulu kuposa dzuwa, ikulavula mpweya mbali ziwiri. Mpweyawo ukawomba mtambo umene unabala nyenyeziyo, mtambowo umang'ambika n'kuyaka. Ndinayatsa tochi ya gasi yowotcherera kuti mbuli zimene ndimagwira nazo ntchito zione mmene zimakhalira.

Kulakwa kwanga kunali kunena kuti nyenyeziyo imatulutsa mpweya.

"Mwamva, amangwetu?" anakuwa Fulaye. "A Pulofesa anatha zaka zitatu kukoleji kuphunzira kuti nyenyezi zimaphwisa!"

Shopu yonse inafa ndi phwete, alamu mpaka kupukuta misozi. Sipanala inali m'manja mwanga, kenaka inali pakamwa pa Fulaye. Magazi anathimbirira pa geti ya eni ake yomwe tinapenta dzulo.

Alamu sanakalipe. Anangondiuza kuti, "Alamu, mawa mudzapepese pamaso pa onse. Apo ayi, musadzapondenso pano."

Ntchito ina ndilibe, ndipo mkazi wanga ndi woyembekezera, sindinamuuze za lerozi. Ndayeserera kupepesako m'minibasi mpaka kwathu ku Ndirande. Mawu akuti "pepa" akutuluka bwinobwino. Koma ndikangofika pa dzina la Fulaye, dzanja likumakunga lokha chibakera, ndiye mawa kaya