Abambo Akukagona mu Tenti ku Kasungu

Chilinde, Lilongwe
Lachiwiri, mwezi wa Ogasiti

Okondedwa achemwali a Maness,

Ndi ulemu wonse woyenera mwana woyamba kubadwa, ine Pemphani, mlongo wanu wotsiriza, ndikulengeza kwa inu ndi kwa onse okhudzidwa kuti banja lathu tsopano lili ndi tenti yakeyake. Ndi yobiriwira, ya kanivasi yokhuthala, yogona anthu asanu ndi atatu. Ili ndi zigamba ziwiri, zichiri khumi ndi zinayi, ndi fungo losonyeza kuti mwini wake woyamba ankaweta mbuzi. Ndinaigula kwa a Latif ku Biwi, amene analumbira kuti siidontha. Pokhala mwezi wa Ogasiti, sindinathe kuwatsutsa.

Zikuluzikulu zatha, tsopano moni. Muli bwanji ku Dublin kumeneko? Alamu a Trevor ali bwanji, nanga ana? Odwala a kuchipatala kwanuko akumverabe anesi awo, kapena nawonso ayamba mwano ngati ife? Kuno tilipo. Ine kusukulu ndikuphunzitsabe ana a eni zinthu zimene sakuzifuna. Alamu anu a Thokozire ali bwino. Abambo adzuka, amwa phala, akangana ndi wailesi. Miyendo ikadali yotupa, koma pakamwa pali bwinobwino.

Ndalemba papepala chifukwa pafoni simundipatsa mpata. Mavoisi anu a pa WhatsApp ndamvera onse khumi ndi atatu. Lalitali lija ndinachita kuliwiritsira tiyi. Kalatayi ndapatsira a Tusekele, anzanu aja akubwerera kumeneko Lachinayi, ndiye ikupezani Lachisanu. Nthawi imeneyo ife tidzakhala tili pamsewu wa ku Kasungu, Abambo ali kutsogolo, tenti ili kumbuyo. Ndaneneratu kuti mukalipe mwadongosolo.

Koma ndiyambe ndapepesa. Munthu ali pantchito kudziko la eni, n'kulandira uthenga woti bambo ake amwalira, n'kulira mpaka anzake kumugwira, kenako n'kumva kuti malemuwo akumwa tiyi pakhonde: zimenezo si zoseketsa, ngakhale kuti Chilinde yense akusekabe. Amene anakutumizirani uthengawo sindinamupeze. Koma za Loweruka lija munangomva theka, ndipo theka linalo ndi limene latinyamula.

Mukudziwa kuti chinenereni adokotala kuti mtima wawo wafooka, Abambo apempha chinthu chimodzi chokha: akagone mu tenti kufupi ndi paki ya Kasungu, kumene anagwira ntchito yolondera nyama zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Inu munakana. Munati msewu ndi woipa, kumazizira, chipatala chili kutali, adikire mubwere mu Disembala muwaone kaye. Ine ndinagonja, monga ndakhala ndikukugonjerani chibadwire.

Ndiye ndi nzeru zanga za ku yunivesite ndinaganiza zogula tenti n'kuikhoma pakhomo pompano, kuti Abambo azikhalamo masana, azimva fungo la kanivasi, mtima ukhale pansi. Kuseri kwa nyumba malo kulibe, mukulidziwa khola la nkhuku lija. Ndinaikhoma kumaso, moyang'ana msewu.

Chimene sindinaganize ndi ichi. Loweruka lomwelo a Thokozire anatulutsa masofa ndi matebulo onse a pabalaza kuti apake polishi pansi. Polishi inawathera, anapita kumsika. Tsono taganizani zimene munthu wodutsa ankaona: tenti yaikulu pakhomo, mipando ili panja, pabalaza pali mbee, m'nyumba imene muli mkulu wodwala amene sanaoneke panja milungu itatu. Ku Chilinde kuno tenti siikhomedwa pofuna kusangalala, achemwali. Ukwati umayamba ndi makadi. Chimene chimayamba ndi tenti ndi maliro.

Ine ndinali mkati mwa tenti, ndikulimbana ndi mzati wapakati. Potuluka ndinapeza a Jeremiah, aneba athu aja, atakhala pa sofa yanga, chipewa chili pabondo, pamodzi ndi azibambo ena asanu atazolika. Pamsewu anali atayala kale masamba mbali zonse ziwiri. Akabaza ankatsika panjinga n'kumakankha. Wometa tsitsi wa pakona anazimitsa nyimbo zake, chinthu chimene tamupempha zaka zitatu osatheka. Amayi a Chigwirizano anali akulowa m'nyumba mmodzimmodzi, nsapato atavula, ena atasenza nkhuni. Sindikudziwa kuti anawauza ndani. Ndikuganiza kuti palibe. Anthu athu pa maliro sadikira kuitanidwa, ndipo pa chimenechi ndimawapatsa ulemu.

Ndinathamangira kuchipinda kwa Abambo kudzera khomo lakuseri. Ndinawapeza ali pawindo, akusuzumira pakatani. Nditati ndikawauze anthuwa kuti alakwitsa, anandigwira pamkono n'kundiuza kuti ndikhale pansi, mwayi wotere munthu saupeza kawiri, akufuna aone amene abwere.

Anayamba kuwerenga ndithu. Anadandaula kuti a Luckson, anzawo a pa bawo, akuchedwa, ndipo adzawakumbutsa. Anayamikira amayi ena kuti akulira mwaluso, ngakhale kuti sanalankhulanepo nawo. Pabalaza nyimbo inayamba, Abambo n'kumayankhira besi chapansipansi. Zoona, achemwali, tinaseka mpaka ine misozi.

Kenako azibambo a pa sofa aja anayamba kucheza, ndipo windo lija lili pafupi. A Jeremiah anati madala apumula, anavutika. Wina anafunsa kuti kodi malemuwa ankagwira ntchito yanji. Wina anati akuganiza kuti anali mlonda pa sitolo ina ku Area 2. Wina anati ayi, ankagulitsa fodya. Wachitatu anatseka nkhani. Anati iye chiwadziwireni anali munthu wa pampando, wongokhala pakhonde ndi wailesi, wosavuta, madala a kwa aphunzitsi basi.

Dzanja la Abambo linamasuka pamkono panga.

Zaka khumi ndi zisanu akhala ku Chilinde. Munthu amene ankayenda milungu iwiri m'tchire mfuti ili paphewa, amene anabereka mnzake wa pantchito, a Nedson, tsiku lathunthu njati itawaboola ntchafu, amene ankadziwa njovu iliyonse ndi kung'ambika kwa khutu lake. Pa maliro ake anthu akuti wa pampando.

Anaitanitsa majombo awo akale. Mapazi otupawo anakana kulowa. Anavala chipewa chokha cha ntchito chija, ndi patapata, n'kutsegula chitseko cha pabalaza. Nyimbo inaduka pakati pa vesi. Amayi awiri anayesa kutuluka pakhomo limodzi nthawi imodzi, ndipo nsapato zawo tikusungabe.

Abambo anayenda pang'onopang'ono pakati pa olirawo, akupereka moni, mpaka pakhonde. Anathokoza onse chifukwa chosunga nthawi. Anauza a Jeremiah kuti sanapumule, ndipo sabata ino alibe nazo pulogalamu. Kenako anawapatsa mbiri yawo yonse, chaka ndi chaka, kampu ndi kampu, anthu ali chiimire. Ali mkati molankhula, a Thokozire anatulukira pakona akulira mokweza, polishi ili m'manja, chifukwa nawonso anali ataona masamba pamsewu. Abambo anawauza kuti apongozi dikirani, ndili pa chaka cha 1988.

Pomaliza analengeza kuti Lachisanu akupita ku Kasungu kukagona mu tenti imeneyi, ndipo amene abweretsa nkhuni azisiye, tikaotha kumeneko.

Atabwerera kuchipinda anakhala pabedi nthawi yaitali akupuma movutikira. Sanandifunse ngati ndikuvomera. Anangoti ndifufuze malo.

Ndafufuza, ndipo musaganize kuti tikungonyamuka ngati anthu opanda mutu. Malo ogona mu tenti alipo amitundumitundu. Alipo aja a alendo akunja, tenti yokhala ndi bedi, bafa ndi munthu wokubweretsera khofi, mtengo wake m'madola. Nditawaonetsa chithunzi pafoni, Abambo anati imeneyo si tenti, ndi hotela yovala nsalu.

Alipo a mkati mwa paki, kumene munthu amabwera ndi tenti yake. Amenewo anawakonda, koma ine ndinakana, chifukwa pageti amatseka madzulo ndipo netiweki ndi ya mwamwayi. Mukuona, nanenso ndimatha kukana. Ndinawanyengerera za ku nkhalango ya Dzalanyama, pafupi pompa, koti zitavuta tikhoza kubwerera tsiku lomwelo. Anati mitengo amaiona pa kalendala, iwo akufuna kumva njovu ikuthyola nthambi.

Tagwirizana za kwa a Nedson, omwe aja a njati. Ali moyo, akutsimphina, ndipo munda wawo uli kunja kwa paki, moyandikana ndi waya wotchinga nyama. Chimanga anakolola kale, pali mthunzi wa mkuyu, mjigo uli pafupi. Akuti njovu zimafika kuwayako dzuwa likamapendeka. Pafoni awiriwa anatchulana maina amene sindingalembe m'kalata yopita kwa achemwali anga, ndipo a Nedson anati akasesa okha pamalopo, ana asakhudze.

A Harun a ku Kawale atinyamula pa galimoto yawo, ndipo akhala nafe masiku onse atatu, galimotoyo itayang'ana kumsewu. Tatenga matiresi, mabulangete ndi neti. Mapilitsi ali m'kabokosi kanu kaja ka masiku. Mchere sitinyamula, ndipo akazi a a Nedson ndawachenjeza kale. Chipatala chaching'ono chilipo, ulendo wa theka la ola.

Tsono ndikupempheni, musavutike kuimbira amalume a ku Area 25 kuti adzatitsekereze. Anabwera kale Lamulungu, Baibulo lili m'khwapa, ndipo anachoka atapempha malo m'galimoto. Musaimbirenso abusa. Musawakalipire a Thokozire, iwo mlandu wawo ndi polishi basi. Ndipo musandiuze kuti tenti si malo a munthu, chifukwa Abambo akuti inu munagonapo mu tenti musanaphunzire kuyenda, ndipo usiku wonsewo amene analira ndi afisi, osati inu.

Achemwali, munawaletsa mchere, anamvera. Nyama yonona, anamvera. Njinga munalamula kuti ichoke, inachoka. Ku bawo azipita pokhapokha wina awaperekeze. Lamulo lililonse ndi lolondola, ndipo wolikhwimitsa ndine, wapolisi wanu m'nyumba muno. Koma mpando umene anthu aja ankanena tinawakhazikapo ndife, inu ndi ine, chifukwa chowakonda. Loweruka ndinali pafupi, nkhope yawo ndinaiona. Sindiwabwezerapo. Mukhoza kundichotsa pa gulupu ya banja, ndinu adimini.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi kwa ana. Muuze Tione kuti agogo ake alonjeza kumujambulira njovu, ngakhale kuti foni amaigwira chozondotsa. A Thokozire akupereka moni, mwamantha. Ambuye akusungeni, akupatseni mphamvu pantchito yanu yolemetsayo.

Chatsala chimodzi, ndipo ndakhala ndikuchizemba masamba onsewa. Dzulo ndinapita ndekha kwa adokotala awo. Ndinawapempha kuti asandibisire. Anati Abambo atakhala phee pakhomo, Disembala akhoza kufika, koma sangalonjeze. Anati msewu wafumbi uja ndi kuzizira kwa kutchire zikhoza kuwadyera milungu ingapo, mwina yambiri.

Ndinabwera n'kuwauza Abambo ndendende monga ndinamvera. Anafunsa tsiku limene mukufika. Ndinati pa 14 Disembala. Anawerenga miyezi pazala, anabwerezanso. Kenako anati ndiwonjezere bulangete.

Ine ndimawaona m'mawa uliwonse. Inu zaka zinayi simunawagwire dzanja. Milungu imene tikukaitaya ku Kasunguyo si yanga, achemwali, ndi yanu. Ndaitenga osakupemphani chifukwa ndimadziwa kuti mukana, ndipo pokanapo simukhala mukulakwa. Mukadzatsika ndege n'kupeza kuti mwachedwa, musadzavutike kufufuza wolakwa. Ndi ine.

Ine mlongo wanu,
Pemphani