Ofesi Ikudikira Chisamba

Pa komboni, Concession

Okondedwa amayi aang'ono,

Ndayamba ndi moni. Muli bwanji ku Beatrice, inu ndi bambo aang'ono ndi ana onse? Mwendo uja unkakuvutani nthawi yozizira uli bwanji tsopano? Kuno Mulungu akutisunga. Amuna anga a Kingston ali bwino, akadali ku mathirakitala.

Ndalemba kalata chifukwa foni ya kwanuko imakhala ndi bambo aang'ono, ndipo nkhani iyi si ya amuna. Muwerenge muli nokha.

Mukudziwa kuti chaka chino ndinalembedwa ntchito ku maluwa, m'nyumba za pulasitiki zija. Ndimadula marozi. Ntchito ndi yabwino, koma akapopera mankhwala fungo lake timapita nalo kunyumba m'zovala.

Mwezi wathawu ku ofesi kunabwera mayi watsopano wa ku Harare, dzina lake Everjoy. Ndiye akuona za antchito. Anatiitana tonse ku shedi, natiuza kuti lamulo la ntchito linasintha, kungoti pulazi lathu linachedwa kulitsata. Anati kale mkazi ankayenera kugwira chaka chathunthu asanapatsidwe tchuthi cha uchembere cholipidwa, koma zimenezo boma linachotsa. Anati palibe wochotsedwa ntchito chifukwa cha pakati. Eni pulazi nawo awonjezapo zawo, kuti woyembekezera asamayandikire mankhwala, azikalongedza maluwa ku shedi.

A Jealous, foromani wathu, anang'ung'udza kuti basi pulazi lasanduka kiliniki, nanga maluwa azidula ndani. Mayi Luiza a Mvano, aja ankaimba ndi malemu amayi, anawafunsa pamaso pa onse ngati iwo a Jealous anatuluka m'thumba la feteleza. Anthu anaseka mpaka mlonda wa pageti anabwera kudzasuzumira. A Jealous anati iwo amangofunsa chabe.

Ine sindinaseke kwambiri. Ndinali nditamanga chitenje mkati mwa ovolosi, molimba.

Amayi, mawuwo sindiwalemba. Inu ndinu mayi, mwamva.

Ndikudziwa kuti muchita mantha. Munandiuza momwe munkadzimangira ku Goromonzi mpaka kupuma kumavuta, ndipo kalaliki atazindikira, ntchito inatha ndi nyumba ya pa komboni yomwe. Sindinaiwale. Ndiye chifukwa chake nanenso ndinamanga.

Koma ndaona ndi maso anga. Shylet woyandikana nane nyumba analowa ntchito pamodzi ndi ine. Anakanena ku ofesi, anamusamutsira ku shedi, ndipo pano ali pa tchuthi, akuyamwitsa, nyumba sanamulande. Amandiseka kuti ndikuyenda ngati ndameza mpini wa khasu.

Ndiye Lachiwiri ndinalimba mtima ndi kupita ku ofesi. Ndinagogoda, ndinalowa. Mayi Everjoy anandipatsa mpando, nandifunsa kuti ndabwerera chiyani. Ndinangoyang'ana nsapato zanga.

Si manyazi anga aja okha ayi. Ndinakumbukira kuti ndi yoyamba, ndipo akuluakulu a kwathu sanabwere kudzandiuza. Chisamba sichinachitike. Ndingayambe bwanji kuuza mlendo mu ofesi, inu musanandikhazike pamphasa? Ndinamva ngati ndikulumpha amayi ali m'manda, ndi inu nomwe.

Mayi Everjoy anadikira. Kenaka ananena mofatsa kuti akuona, koma sangalembe chimene sindinanene, ndipo pafunikanso khadi la ku kiliniki. Anandifunsa ngati wina wandiopseza, kapena a Jealous. Ndinapukusa mutu. Anafunsa ngati ndi amuna anga. Ndinapukusanso. Ndinathokoza ndi kutuluka. Ndinamusiya akuganiza kuti ndikuzunzidwa, moti madzulo ake anaitanitsa a Kingston ku ofesi. Anabwerako atatuluka thukuta, akuti afunsidwa ngati kupolisi, ndipo nawo sananene kanthu, poti mwamuna sayambitsa nkhani zotere.

Anatipulumutsa ndi Mayi Luiza. Anapita okha ku ofesi m'mawa mwake, nafotokoza kuti kwathu mtsikana satchula yekha yoyamba, amadikira anamkungwi ndi amayi ake adzamuuze ndi kumulanga. Akuti Mayi Everjoy anagwira pakamwa, kenaka anaseka. Anati nawo Ashona ali ndi mwambo wawo wa mwana woyamba, masungiro, ndipo iye amayi ake sanamulole kuuphonya ngakhale ali wa ku yunivesite. Anati lamulo analiwerenga lonse, koma za chisamba sanazipezemo, ndipo akanakonda wina akanamuuza asanaopseze mwamuna wa mwini. Anawapepesa a Kingston pageti, anthu akuona.

Tsono anachita chonchi. Anandisamutsira ku shedi mpaka kutha kwa mwezi uno, nauza a Jealous kuti kukufunika manja osamala. Kupitirira apo sangathe popanda mawu anga ndi khadi. A Jealous akuwerenga masiku. Akuti mwezi ukangotha akundifuna ku marozi, ndipo ndi nthawi imene amapopera kwambiri.

Amayi, sindikufuna kubwerera ku mankhwala ndili chonchi. Sindikufunanso kutaya ntchito, kapena kuchita zinthu mobisa ngati wakuba. Njira yatsegulidwa, chatsala ndi inu.

Chonde bwerani mwezi usanathe. Loweruka lililonse ndi labwino. Mukwere kombi ya ku Harare, musinthe, mutsikire pa mashopu a Concession, a Kingston adzakuchingamirani. Mayi Luiza avomera kukhala namkungwi, ndipo ati azichita mwa chikhristu monga malemu amayi akanafunira. Nkhuku ilipo, ufa ulipo. Ngati mwendo sukulolani, tumizani mawu oti Mayi Luiza aimirire m'malo mwanu, ndidzamvetsa. Koma mtima wanga ukufuna inu.

China ndikuuzeni, mwina mukwiya. Chitenje chija ndinamasula. Mayi Luiza anandikalipira kuti mwana wa munthu samangidwa ngati mtolo wa fodya. Tsopano ndikupuma bwino, ndipo dzulo ndili pa tebulo lolongedzera ndinamva kugunda pang'ono. Sindinauze aliyense. Ndauza inu.

Mukabwera ndi kundiuza Loweruka, Lolemba lake ndikalowa mu ofesi muja ndi kunena ndi pakamwa panga.

Mundiperekere moni kwa bambo aang'ono, kwa ana, Prudence ndi Reason, ndi kwa amayi onse a ku tchalitchi. Bambo aang'ono muwauze kuti ndangokusowani. Ambuye akusungeni ndi kukuyendetsani bwino pa msewu.

Ndine mwana wanu,

Lestina Kalino