Telegalamu imene munaifewetsa

Amayi,

Kaya kwacha bwanji kumeneko? Ife kuno ku Perth tilipo, ngakhale malire ndi otsekabe chifukwa cha korona. Kwa achimwene a Limbani kwabadwa mwana wamkazi, ndipo amupatsa dzina lanu. Mdzukulu wanu Tadala, mwana wanga uja, Chichewa amamva, koma amayankha m'Chingerezi chotulukira m'mphuno. Chimanga chimene ndinadzala kuseri kwa nyumba ku Maddington chandipatsa tizitsononkho tisanu tokha. Ndi mchenga wokhawokha kuno, musandiseke.

Chandilembetsa kalatayi ndi ntchito yanu ija. Ndikaweruka kusukulu ndinkakupezani ku positi, zala zili kalikiliki pa makina a teleksi, iwo akulavula kapepala katali kobowokabowoka. Ena ankadikira kuti makina asindikize mawu, koma inu timabowoto munkatiwerenga ndi maso ngati buku la nyimbo. Munayamba muli mtsikana, munamaliza mukuphunzitsa anzanu, mpaka tsiku limene makinawo anawaunjika pakhonde fakisi itabwera. Ndinkakunyadirani, ndipo ndikukunyadiranibe.

Cholakwa chanu chimodzi munandiuza nokha. Chaka chanu choyamba munalandira uthenga wopita kwa bambo wina wogwira ntchito ku esiteti ya tiyi, wakuti bambo ake amwalira, maliro Lachinayi. Zinakumvetsani chisoni, ndiye munalemba monga timachitira kwathu: "Bambo adwalika, bwera." Munthuyo anadikira mpaka Loweruka kuti anyamuke mwaulemu, mabwana asakwiye. Anakapeza anthu atabalalika kale. Kuyambira pamenepo simunasinthenso liwu la munthu. Munkati, "Ine ndine waya, mwini uthenga ndi wina."

Inu mutatisiya, a Limbani anandilembera pafoni kuti mwadwalika. Masiku awiri athunthu ndinkakutumizirani mapemphero ndi nyimbo, inu muli kale kumochale. Ndinawakhululukira, koma ndinayamba ndawakalipira mokwanira.

Tsopano imvani za sabata yatha. Kunyumba ya okalamba ku Cannington, kumene ndimagwira unamwino, kuli agogo ena ochokera ku Chipata, a Zulu. Mwana wawo wamwamuna anamwalira ndi korona ku Lusaka, ndipo mwambo wa maliro ankati auonetsa pafoni Lachisanu. Mwana wawo wamkazi, Esnart, anandikokera pambali pamalo oimika magalimoto.

"Sisi, musabauze, chonde napapata. Mtima wao ni wofooka. Tizakamba chabe kuti adwala."

Kuwauza mwakabisira sindikanatero, uthengawo sunali wanga. Koma kukhala chete, a Zulu n'kuphonya maliro a mwana wawo ali m'chipinda akuonera mpira, zinandikanika. Ndinamufotokozera Esnart za telegalamu yanu ndi za masiku anga awiri aja, tonse titavala zotseka pakamwa, maso okha akuoneka. Ndinati, "Adokotala ndiwauziratu, mankhwala akhala pafupi, ine sindichoka pambali pawo. Iwe ungowauza zoona. Mtima tikhoza kuuthandiza, koma Lachisanu likadutsa tiwapatsa chiyani?"

Anawauza mawa lake. A Zulu analira mpaka ine ndinalira nawo, nesi wathunthu. Magazi anathamanga, kenako anakhazikika, monga ndinkayembekezera. Atapukuta misozi anamuyang'ana Esnart n'kunena kuti, "Nenze naona kale pamaso pako. Nenze kuyembekeza chabe unikambile."

Lachisanu masana anaitanitsa jekete ndi tayi. Tinawakhazika pampando, foni titaitsamiritsa pa botolo la madzi. Bokosi lisanatsike anakweza dzanja, Esnart n'kukuwira achibale kuti adikire. Ku Lusaka nyimbo inaima. Munthu wina anayandikitsa foni pabokosi, ndipo a Zulu anamutchula mwana wawo dzina la ubwana, kumuthokoza, n'kumuuza kuti apite bwino. Atatero anawalola anthu aja kuti apitirize.

Ine mwayi umenewo sindinaupeze, Amayi. Anakuikani ndili pantchito kuno, ndipo mpaka lero sindinakutsanzikeni. Sindikudandaulanso, mtima wanga uli m'malo. Malire akangotseguka ndikubwera, Tadala ndimutenga, ndidzaime pamene mwagonapo ndikuuzeni ndi pakamwa panga.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Chisomo