Odi pa geti la amai Tembo

Lachisanu, mwezi wa Juni. Kunja kwazizila, koma mtima wapepuka.

Kuno kumapuloti atsopano a Petauke minibasi sizifika. Chipatala chili kutali, amuna anga ali kuntchito ku Nyimba, ndipo masiku anga obeleka ayandikila.

Lelo ndinalimba mtima, ndinatengela ndiwo za chibwabwa amai Tembo, aneba athu okhala ndi motoka. Ndinaima pa geti n'kumati "odi, odi" ngati kumudzi, koma mpanda ndi wautali, palibe anamva. Nditatembenuka kuti ndizipita, motoka yawo inafika.

Amai Tembo atamva za odi wanga, anaseka. "Mwana wanga, kuno odi salowa. Uzimenya geti ndi mwala!" Kenaka anayang'ana mimba yanga. "Tsikulo udzamenye kwambili. Ndidzatuluka ngakhale opanda nsapato."

Ine sindinapemphe n'komwe. Pobwelela ndatola mwala wabwino, ndauika m'chikwama cha matewela.