Malo Amene Sitinalembe pa Mapu

Krapets, 9 Disembala

Wokondedwa mwana wanga Ralitsa,

Uli bwanji kumeneko ku Bucharest? Chifuwa chija chinatha? Amayi ako akuti sukudya mokwanira, ati mawu ako pa foni akumveka owonda. Ine sindidziwa kuti mawu amawonda bwanji, koma ndinaleka kalekale kutsutsana nawo. Kuno tili bwino, kupatula bondo langali limene limadziwa za mphepo kuposa a zanyengo.

Usadabwe kuti ndalemba kalata. Pa foni umandidula pakamwa ngati amayi ako, ndipo nkhani iyi ndikufuna ndiimalize yonse.

Ukukumbukira mwezi wa Meyi, pamene anzako a m'komiti ya maiko awiri, lathu ndi la Romania, anabwera ndi mapu a nyanja ku holo ya m'mudzi. Anatipatsa mapensulo ofiira kuti msodzi aliyense azunguze pamene amatchera maukonde, n'cholinga choti makina amphepo opangira magetsi asadzaimikidwe pamenepo. Iwe unandichonderera kuti ndikalembe zoona. Nditabwerako unandifunsa, ine n'kuyankha kuti ndalemba zoona. Ndinakunamiza, mwana wanga.

Ukudziwa mmene tilili. Msodzi wa kalkan, nsomba yaphwatalala yodula ija, sanena pamene amapha nsomba yake, ngakhale kwa wansembe. Agogo ako ankanyamuka padoko ataloza kumwera, n'kukakhota atabisika. Ndiye munthu wovala tayi akupatse pensulo, anansi ako onse akusuzumira paphewa pako, iwe n'kulemba zoona? Ndinazunguza dera la matope lija, kumene ngakhale nkhanu sizipitako. Bai Parush, mnansi wathu, anazunguza pafupi ndi ine uku akunditsinzinira. Tonse khumi ndi anayi tinachita chimodzimodzi, ndipo tinatuluka m'holomo tikudziona ochenjera.

Lachisanu, pa phwando la Nikola Woyera, kunabwera Trofim ndi anzake atatu, asodzi a tsidya la malire. Amayi ako anawotcha nsomba yaikulu yoika mpunga m'mimba monga chaka chilichonse. Tili mkati modya, Trofim anatulutsa mapu atsopano n'kuwayala pakati pa mbale. Mabokosi a buluu, osonyeza pamene padzaime makina, ali ndendende pa mtunda wa mchenga ndi zigoba wapansi pa madzi uja, umene umadutsa malire, pamene tonse timadyera. Ndipo makina akaima, ukonde sudzaloledwanso.

Trofim anati nawonso kwawo ananama monga ife. Anzako a m'komiti aja anaona mpata waukulu wopanda chofiira mbali zonse ziwiri, n'kuyesa kuti Mulungu wawasungira. Trofim anaseka mpaka misozi, amvekere, "Maiko athu atha zaka akufunafuna choti agwirizane, osadziwa kuti ife tinagwirizana kale pa bodza." Ine sindinaseke.

Bai Parush anayamba kutukwana anthu a m'maofesi, ati sadziwa nyanja. Ndinamukumbutsa kuti anatifunsa, ndipo pensulo inali m'manja mwathu. Iye akuti kuli bwino malowo atengedwe kusiyana ndi kuwalemba papepala. Ndinamufunsa kuti chinsinsi cha malo amene sungatcherepo ukonde adzaphikira ndani. Mpaka lero sakundilankhula, koma mkazi wake anabwera dzulo kudzabwereka sefa, ndiye sipatenga nthawi.

Chimene chikundiwawa kwambiri ndi china. Amayi ako andiuza kuti pa msonkhano wanu munthu wina anakayikira mapu athuwo, iwe n'kuimirira kunena kuti bambo ako enieni analembapo, ndipo bambo ako sanama. Nditamva zimenezo ndinapita kukakhala m'bwato pamtunda, masana onse, osagwira kanthu. Manyazi otere sindinawamvepo chibadwire.

Makinawo sindidana nawo, undimvetse. Unandifotokozera ndipo ndinamva. Nyanja ndi yaikulu, ndipo mphepo imawomba chimodzimodzi pa matope paja. Amati mawu a akulu amakoma akagonera, koma ulendo uno agonera ndi a mwana.

Trofim akuti anthu ali ndi mpata wodandaula mpaka kumapeto kwa Januwale, nduna za maiko awiriwa zisanasaine. Ndiye m'envulopu muno mulinso pepala lachiwiri. Ndalembapo malo enieni, ndi manambala a m'kachipangizo kosonyeza malo ka m'bwato, komanso mmene agogo ako ankawapezera poyang'ana nsanja ya nyali ya ku Shabla. Trofim ndi anzake asaina. Kuno tasaina asanu, enawo ndikuwayendera khomo ndi khomo, bondo likulira.

Chonde, mwana wanga, kawaonetse. Sindikudziwa ngati mapu otere amasinthika, iwe ndiwe ukudziwa. Koma akakufunsa kuti zinatheka bwanji, utchule dzina langa. Lako lisade chifukwa cha ine.

Malo amenewa bambo anga anandiuza ndili ndi zaka makumi atatu, tili pamadzi, monong'ona ngakhale tinali awiriwiri. Ndinkasunga kuti ndidzauze mwana wanga akadzakhala msodzi. Sunakhale msodzi, ndipo ukudziwa kuti zinandipweteka zaka zambiri. Lero ndikukuuza iwe, ndipo iwe ukauze maiko onse awiri.

Umpatse moni mwamuna wako Mircea, ndi apongozi ako. Nikola Woyera akusungeni nonse. Ngati wakwiya nane, uli ndi chifukwa, koma ubwere udzakwiyire kuno pa Khirisimasi.

Ndine bambo ako amene amakukonda,
Zhelyazko